Muli Chiyani M'menemu?

Katoni ndinaigula ku Chiponde,
yotchipa moti ndinkaseka ndekha pa matola
tikutsetsereka mapiri a Chowe.
Mapaketi sikisite a mabisiketi a kirimu,
ofiira, onyezimira ngati nsalu ya pa Idi,
paketi iliyonse ili ndi ng'ombe yomwetulira,
ng'ombe yonenepa yosadziwa Okutobala wa kuno.

Okala yanga pa M'baluku ndi ya malata, denga ndi nthiti zomwe.
Dzuwa likafika paliwombo
sopo amatuluka thukuta,
makandulo amawerama ngati akuswali.
Mabisiketi ndinawayala pamwamba penipeni,
poti maso a ana asawaphonye.

Ndipo sanawaphonye.
Belu la buleki likalira ankabwera chothamanga,
ndalama zofinyidwa m'nkhonya, zonyowa,
nabwerera ndi milomo yoyera mbee.

Lachinayi kunabwera Abiti Ndembo
atagwira dzanja la Swaleyi wawo.
Mwana maso ali m'kati, milomo gwaa,
akuti usiku wonse wachezera panjira ya kuchimbudzi.
Sanakalipe. Bola akanakalipa.
Anangoyala kapepala kofiira pa kauntala,
nakasalaza ndi chala monga asalazira kalata ya kuchipatala.
"Che Mdoka, muli chiyani m'menemu?"

Ndinavala magalasi.
Zilembo zake ngati nyerere zofera pamzere,
mbali ina Chipwitikizi, mbali ina chilankhulo
chomwe sindinamvepo ngakhale pa wailesi.
Tinaitana Hanifa wa Fomu 3 akudutsa ndi ndowa.
"Ufa wa tirigu," anatero. "Shuga. Mafuta."
"Mafuta a chiyani?" anafunsa mayiwo. "A mbewu kapena a nyama?
Ngati ndi nyama, nyama yanji, anazinga ndani?"
"Sanalembe."
Kenaka manambala, manambala okhaokha,
chilembo kutsogolo, ngati a kumbuyo kwa minibasi.
"Nanga deti?"
Hanifa anatembenuza kapepala kawiri.
Pomwe pamayenera kukhala tsiku
panali poyera bwino, popukutidwa mosamala,
mwina ndi kathonje konyika mu sipiriti.
Wina wake, kwina kwake, anakhala pansi tsiku lathunthu
kusambitsa mapaketi anga amodziamodzi.

Mandasi a mkazi wanga ndimawadziwa mpaka agogo ake:
ufa wa kwa Che Wadi, yisiti, shuga makapu awiri,
mafuta omwe ndimakagula ndekha Lolemba.
Wina m'mimba mukamupota amadziwa chitseko chogogoda.
Bisiketi ameneyu alibe chitseko.
Ali ndi ng'ombe basi.

Ndinati mwina ndi madzi a pachitsime,
mwina mango anthete, ana satha kudikira.
Abiti Ndembo anangoti, "Mwina,"
nanyamula mwana wamkulu kale kumsana
ngati khanda.

Usiku ndinatseka, ndinayatsa tochi ya foni, ndinawerenga.
Atsala fote wanu.
M'menemo muli fizi ya Rajabu,
muli ngongole ya kubanki m'khonde yomwe ikudikira Loweruka.
Ndinang'amba paketi imodzi.
Kirimu anasungunuka n'kuuma, n'kusungunukanso,
wasanduka wachikasu m'mbali ngati dzino la wosuta.
Ndinaluma.
Poyamba shuga, shuga amathamanga kukulonjera pakhomo.
Pambuyo pake, mwakachetechete,
kuwawa kwa mtedza wachuku kunakhala pansi pa lilime
ndipo sikunachoke ngakhale nditachukucha katatu.

Kubweza sindingabweze, wogulitsayo anali wa pansi pa mtengo.
Kutaya kudzala, ana omwewo akatola.
Kupatsa mbuzi, mbuziyo tidzadya ndife.

Lero belu lalira.
Abwera chothamanga, ndalama m'nkhonya.
"Mabisiketi a ng'ombe aja!"
"Atha," ndatero, "pali mandasi ndi chiponde cha m'botolo,"
phazi langa litaponda katoni pansi pa kauntala,
momwe ng'ombe fote
zikumwetulirabe mumdima.